Ndinathira Dothi ndi Phazi

Dokotala amene anandilumikiza mafupa a msana anandiletsa zinthu zitatu: kuwerama, kunyamula ndi kudzipotola. Anazinena pang'onopang'ono ngati akulankhula ndi mwana, ndipo sindinakwiye, chifukwa munthu wogona chagada ali ndi machubu sasankha mmene angamulankhulire. Anandionetsa chithunzi cha ekisire. Ndinaona timitengo tiwiri tachitsulo ndi masikuruwu ake titaima mumsana mwanga ngati makwerero a pankhokwe. Anati zitsulozo si msana ayi, ntchito yake ndi kugwiriziza chabe mpaka mafupawo atagwirana okha. Ndikafulumira kuwerama, fupa la pamwamba pa zitsulo likhoza kugonja, msana n'kupindikira kutsogolo, ndipo ndidzayenda moyo wanga wonse ndikuyang'ana zala zakuphazi.

"Mwamva, bambo?"

"Ndamva."

"Oyankha msanga ngati inu ndi amene amabwereranso kuno atapindika."

Kwathu ndi ku Dowa. Ku Karonga ndinafika pa lole, nthawi imene mgodi wa ku Kayelekera unkakoka anthu a mbali zonse. Mgodiwo utaima anzanga anabwerera, ine ndinatsala. Mkazi wanga anali atamwalira kale, mwana wanga mmodzi yekhayo atakwatiwa ku Mchinji, ndiye kwathu kunalibe wondidikira kupatula chiswe cha m'nyumba. Bambo wina wachikulire wa pa Mlare, mwini chigayo chopunthira mpunga, anandipatsa ntchito ndi kachipinda kuseri kwa chigayocho. Ndinkawatcha adada, monga atchulira bambo aliyense mwaulemu kuno. Ndi pantchito yomweyo pamene ndinavulalira. Ndinali pamwamba pa lole ndikukokera tenti pa matumba a mpunga, chingwe chinandipulumuka, ndipo ndinafika pansi ndi msana.

Sukulu ndinailekezera m'makalasi a m'munsi. Kuwerenga kwenikweni ndinadziphunzitsa ndekha, kuyambira pa nyuzipepala zokulungira usipa, zimene nkhani yake imathera pamene pang'ambika. Mpaka lero pali milandu ya kukhoti yambiri imene sindidziwa anawina ndani. Kenaka ndinayamba kutola mabuku akale pamsika, ena opanda chikuto, ena opanda mapeto. Vuto la munthu wodziphunzitsa yekha n'lakuti amaopa zolembedwa. Wophunzira amawerenga malangizo a kuchipatala n'kusankhapo zimene akufuna. Ine pepala limene anandipatsa, lokhala ndi zithunzi za kamunthu kakunyamula ndowa kali ndi mtanda pamwamba pake, ndinalitsatira kuposa mmene ndinatsatirirapo malamulo khumi.

Ndisanavulale ndinali ndi malo anga pakati pa anthu a kuno, ndipo ndikudziwa mmene ndinawapezera. Sichinali chinenero. Chitumbuka changa mpaka pano chimaseketsa ana, Chinkhonde ndiye ndimangodziwa kuthokoza. Malowo ndinawapeza pa maliro. Uthenga ukangomveka ndinkatseka chitseko n'kupita. Ndinkakhala pansi pamodzi ndi amuna anzanga, kugona komweko pa chiguduli, m'mawa n'kutsikira m'dzenje ndi khasu. Dothi la kuno m'chilimwe limalimba ngati simenti, ndipo munthu wozolowera matumba a mpunga amafunika. Anayamba kunditcha Mchewa wathu. Sindinkachita zimenezi chifukwa cha mtima wabwino wokha. Ndinkadziwa kuti tsiku langa likadzafika sipadzakhala galimoto yopita ku Dowa. Odzandikumbira ndi omwewa.

Nditabwera kuchokera kuchipatala chachikulu cha kummwera, masabata oyamba anthu anabweradi. Azimayi ankabweretsa nthochi zophika, amuna ankakhala pakhomo n'kundifunsa ngati zitsulozo zimatentha dzuwa likaomba. Adada anauza kalipentala kuti andikhomere mpando wautali, bedi analiika pa njerwa, ndipo kuchimbudzi anaikako mpando wina wobooka pakati, umene sindiufotokoza. M'mawa uliwonse ankabwera okha kudzandimanga chigoba. Chinali chipulasitiki cholimba, chochokera m'khwapa mpaka m'chiuno, chomanga ndi malamba, ndipo ndinauzidwa kuti ndisaimirire popanda icho kwa miyezi ingapo. Adada ankakoka malambawo ngati akumanga katundu pa njinga.

"Pumani mpweya tione."

"Ndikupuma, adada."

"Ndiye kuti sindinamange."

Kenaka iwonso anadwala. Anagwa m'mawa wina akusamba, mbali imodzi n'kufa, pakamwa n'kupotoka. Chigayo anachitenga mwana wawo amene ankakhala ku Mzuzu, munthu wosandidziwa bwino. Ndinaphunzira kudzimanga ndekha chigobacho nditagona.

Mayi wa mafizo wa kuchipatala cha paboma anandiuza kuti mankhwala aakulu ndi kuyenda. Tsiku ndi tsiku, m'mawa ndi madzulo, pamalo osalala, ndikuwonjezera pang'onopang'ono. Fupa limagwirana bwino mwa munthu woyenda, ndipo minofu ikalimba imathandiza kusunga msana chilili. Ndinamvera. Koma chigoba chija pansi pa malaya chinkandipanga ngati ndameza mgolo, ndipo ndinachita nacho manyazi. Ndinavala jekete pamwamba pake. Jekete yakuda, yokhayo imene ndili nayo, m'dzuwa la ku Karonga la mwezi wa Okutobala, pamene ngakhale mbuzi zimakanganirana mthunzi wa golosale.

Taganizirani zimene anthu ankaona. Munthu amene dzana ankayenda ndi deya m'mutu, lero akudutsa mumsewu waukulu atavala jekete, chifuwa patsogolo, chibwano mmwamba, osanyamula kanthu, osapita kulikonse. Akafika pa mlatho akutembenuka thupi lonse ngati msilikali n'kubwerera. Anyamata a kabaza a pa siteji sanachedwe.

"Tapatukani, a DC akudutsa."

"Bwana, tikunyamuleni? Kapena galimoto ikubwera m'mbuyo?"

"Asiyeni, akuyendera chitukuko."

Ndinkaseka nawo, chifukwa zinali zoseketsadi. Chimene sindinachione msanga n'chakuti kuno wodwala amagona. Munthu amene akuyenda mpaka pa mlatho n'kubwerako wachira, ndipo wochira sazondedwa. Nthochi zinasiya kubwera sabata yomwe ndinayamba kuyenda.

Panalinso nkhani ya moni. Kuno ukapeza wamkulu atakhala, sumupatsa moni uli chilili ngati mtengo wa magetsi. Umanjuta, umatsitsa mutu, ndipo moniyo ndi wautali: kunyumba, ana, ng'ombe, madzi a m'munda wa mpunga. Ine ndinkaima patsogolo pa nkhalamba zimene zinandilandira ndili mlendo, ndikuziyang'anira pansi, dzanja langa likulendewera m'mwamba kuti izo zidzuke kudzaligwira.

"Pepani, ndi msanawu," ndinkatero.

"Eya, tinamva. Komatu mukuyenda bwino."

"Kuyenda andilola. Kuwerama ndiye ayi."

"Oho. Kuwerama ndiye ayi."

Ankabwereza mawu angawo mwaulemu, n'kuyang'ana kumbali.

M'kachipinda muja ndinakhala ndekha ndi phokoso la chigayo kuseri kwa khoma. Mabuku ndinkawerengera pazenera nditaimirira, nditawasanjika pa anzawo kuti afike pamaso. Munthu wosawerama amazindikira kuti dziko lonse lili pansi. Sopo, sipuni, chivundikiro cha botolo la mankhwala, chilichonse chikagwa chasamuka. Buku lina linagwera kuseri kwa bedi nditafika pakati, mkazi wa m'nkhaniyo atangotsegula chitseko, ndipo anakhala chiimire pakhomopo mpaka mvula inagwa. Poti panalibe womutuma, phazi langa lamanja linayamba ntchito. Linaphunzira kutola malaya ndi zala, kukoka beseni, kukankhira zinyalala panja, kutseka chitseko, ngakhale kusonkhezera nkhuni. Ndinkalinyadira. Tsiku lina ndinalithokoza mokweza litanditolera machesi, kenaka ndinakumbukira kuti ndi mawu oyamba amene ndalankhula tsikulo.

Maliro sanadikire kuti ndichire. Oyamba ndinapita n'kuima kumbuyo, pansi pa mtengo wa mango, anthu onse ali pansi, ine ndekha m'mwamba ngati wapolisi wolondera. Achiwiri ndinaganiza mwanzeru zanga za m'mabuku kuti ndinyamulitse mpando wanga wautali. Pamaliro mipando ndi ya mafumu ndi abusa, ndipo wanga unali wautali kuposa yawo. Achitatu sindinapite. Ndinamva nyimbo zake ndili pazenera.

Adada ndinkawaona masana ena. Ankagona pamphasa m'chipinda, ine n'kuima pakhomo pake. Sankatha kulankhula. Ankangoloza pachifuwa panga ndi dzanja lamoyolo, ine n'kugogoda chigoba kuti amve kuti ndamanga. Anamwalira mvula itangoyamba, anthu ali kalikiliki kuwokera mpunga.

Maliro awo sindikanatha kuwamvera pazenera. Kugona kumaliro sindinagoneko, koma m'mawa ndinalawirira kumanda kumene amuna ankakumba. Ndinaima m'mphepete ndikuyang'ana khasu likuyenda dzanja ndi dzanja. Wina wa m'dzenje anakweza mutu, thukuta lili chuchuchu.

"Apatseniko khasu abwanawo, jekete tiwagwirira."

Ena anaseka pang'ono, wamkulu wina anawaletsa. Bambo amene anandipatsa pogona ankakumbiridwa ndi anthu ena, ine manja ali m'mbali.

Masana, bokosi litatsitsidwa, abusa anaitana achibale kuti athire dothi. Anabwera amama, mkazi wa malemu, atagwiridwa mbali zonse. Anabwera ana, adzukulu, alongo. Aliyense ankawerama, kutapa dothi pamulu, n'kuliwaza m'dzenje. Kenaka mwana wa ku Mzuzu uja anati a kuchigayo nawonso abwere. Tinali atatu. Anzangawo anathira n'kudutsa. Ine ndinafika pamulupo n'kuyang'ana pansi, ndipo dothilo linali kutali ngati lili m'chitsime.

Ndikanakonda kunena kuti ndinalimbana ndi maganizo, ndikuyeza ulemu wa adada ndi mawu a dokotala. Sizinatero. Mutu usanaganize kanthu, phazi lamanja linachita zimene linkachita tsiku lililonse kwa miyezi yonseyo. Linakankha dothi. Nsapato inalowa pamulu bwinobwino, mwaluso, n'kugwetsera m'dzenje chibuma chachikulu, ndipo chinamveka pa bokosi.

Nyimbo ya amayi a mvano inatsika, ena n'kusiyiratu. Kumbuyo kwanga mayi wina analankhula m'Chitumbuka, osakweza mawu, ndipo tsiku limenelo Chitumbuka ndinachimva chonse: akuti ngati akukwirira galu. Abusa anayambitsanso nyimbo. Ndinatembenuka thupi lonse, monga ndinaphunzitsidwira, ndipo anthu anandipatukira njira yotakasuka kuposa imene ndinkafunika.

Palibe anandidzudzula. Zikanakhala bwino akanatero. Moni anangofupika. Anyamata a kabaza anasiya kunditcha DC, ndipo ndinadabwa kuona kuti ndikulisowa dzinalo. Mwana wa malemu ankadutsa pakhomo panga popita kuchigayo maso ali pa foni. Mwana wanga ataimba kuchokera ku Mchinji ndinamuuza kuti zonse zili bwino, mvula ikugwa.

Masana ena ndinamasula chigoba nditaimirira, chinthu chimene ndinali ndisanachitepo. Ndinati ndipite kwa amama, ndikakhale pansi monga munthu, zotsatira zake zidziwone zokha. Ndinayesa kutsitsa mutu ndi mapewa pang'ono. Sindinamve kupweteka kwenikweni. Ndinangomva kuti pamwamba pa zitsulo pali malo amodzi amene katundu yense wa thupi langa wapachikidwapo, ngati nthambi ya papaya. Ndinaona m'maganizo nkhalamba ina ya kwathu ku Dowa imene inkayenda itapindika pakati, yodziwa anthu ndi mapazi awo. Ndinagona pabedi n'kumanganso malamba.

Tsiku lokaonedwanso kuchipatala litafika ndinafunsa mayi wa mafizo uja. Iyenso ndi wobwera, kwawo ndi ku Zomba, ndipo nkhani yanga anaimvetsera osaseka mpaka pa phazi. Pamenepo anatseka pakamwa ndi faelo.

"Pepani bambo. Pitirizani."

"Ndatha. Funso langa ndi lakuti, munthu wosawerama amafika bwanji pansi?"

"Bwanji simunafunse kale?"

"Papepala paja sanalembepo."

"Papepala sangalembe maliro a ku Mlare." Anaimirira n'kugwira m'mphepete mwa tebulo. "Onani. Gwirani chinthu cholimba. Phazi limodzi kumbuyo. Tsikani ndi bondo, msana uli chilili, maso kutsogolo. Podzuka chimodzimodzi, mphamvu ichokere m'miyendo. Wina asakukokeni dzanja. Kunjuta ndi kukhala pansi ayi, nthawi yake sinakwane. Kugwada kokha, kwa kanthawi."

"Kunotu ogwada ndi azimayi."

"Ndiye musankhe, bambo. Mugwade ngati mayi kapena muime ngati DC."

Ndinali nditamuuzanso za DC. Munthu wosowa wolankhula naye akapeza khutu amakhuthula zonse.

Ndinayeserera pa felemu ya chitseko kwa masiku angapo, ndikutsika ndi kukwera ngati ndikupempha chitsekocho kuti chindikhululukire. Kenaka m'mawa wina ndinapita. Amama anali pakhonde pamphasa, atavala zakuda, ali ndi azimayi ena owakhazika. Ankasankha mpunga m'lichero. Ndinavula jekete n'kuikoleka pa msomali, ndinamasula mabatani a malaya, ndinagwira mzati wa khonde, phazi kumbuyo, n'kutsika. Bondo loyamba, kenaka lachiwiri.

Mmodzi wa azimayiwo anaseka m'mphuno. "Mkamwana wafika," anatero, kundiyerekeza ndi mtengwa wogwadira apongozi, mnzake n'kumugunda ndi chigongono.

Amama sanaseke. Anayang'ana chipulasitikicho nthawi yaitali, kenaka anatambasula dzanja n'kuchigogoda ndi chala.

"Ichi mumagona nacho?"

"Pogona ndimavula, amama. Poimirira ndi poyenda ndiye sindichotsa."

"Dzuwa lonse lija?"

"Lonse lija."

"Adada anu ankachidziwa?"

"Ndiwo ankandimanga masiku oyamba."

"Munthu uja." Anapukusa mutu. "Ankatuluka m'mawa, ndikafunsa akuti ndikukaona injini."

Ndinafotokoza za fupa la pamwamba pa zitsulo, za kupindika, za phazi limene linazolowera ntchito ya dzanja. Ndinalankhula Chichewa, pena n'kuponyamo Chitumbuka changa chothyokathyoka, ndipo palibe anandikonza. Ndinapepesa. Amama anatola kamwala mumpunga n'kukataya pabwalo.

"Ine ndamva, adada. Yewo, mwachita bwino kubwera. Koma ine ndine mmodzi. Kumanda kuja kunali mudzi wonse, ndi a ku Mwenilondo omwe. Mugwada khomo ndi khomo?"

"Mawondo sangalole."

"Sangaloledi. Mukanangoyenda nacho poyera chigoba chanuchi, anthu akanaseka sabata imodzi n'kuiwala." Anatembenukira kwa azimayi aja. "Taonani, munthu akunjenjemera. Mudzutseni."

"Asandikoke, amama. Andiletsa."

"Nazonso akuletsani?"

Ndinadzuka ndekha, ndikukwera mzati uja pang'onopang'ono, azimayi atatu akundiyang'ana manja ali m'mwamba osandikhudza. Mwana wa malemu anali ataima pakhomo pa chigayo. Anaona zonse. Sanabwere, koma madzulo ake wantchito mnzanga anandibweretsera kathumba ka mpunga wosweka n'kukaika pampando, osati pansi. Sananene amene wamutuma.

Kuyambira tsikulo jekete ndinaisiya. Ndinkayenda mumsewu chigoba chili pamwamba pa malaya, ndipo anyamata a kabaza anapeza dzina latsopano, la fulu. Ena mwa akuluakulu anayambanso kundifunsa za kunyumba, ngakhale akudziwa kuti kunyumbako kulibe munthu. Ena mpaka lero moni wawo ndi wa mawu awiri.

Mpunga utakololedwa ndinabwerera kummwera kukajambulidwa. Dokotala anayang'ana chithunzi n'kunena kuti mafupa agwirana, msana waima bwino, chigoba ndikhoza kuchisiya pang'onopang'ono. Matumba a mpunga ndiye ndiiwale mpaka kalekale, koma ntchito zopepuka ndingathe, bola ndizisamala. Anandiyamikira kuti ndine wodwala womvera. M'basi pobwerera ndinakhala chilili ulendo wonse, wowongoka kuposa aliyense, ndikuganiza kuti palibe amene ndikamuuze nkhaniyi n'kuimva mmene adada akanaimvera.

Tsopano kuchigayo ndimakhala pa sikelo yoyezera mpunga. Pamaliro ndimapita, ndipo pansi ndimafika, kudzera pa bondo, kenaka n'kutsamira mtengo kapena khoma. Mwezi wathawu tinaika mphunzitsi wina wopuma ntchito. M'mawa ndinapita kumanda n'kuima pamzere wa okumba. Dothi linali lofewa, ndipo kupalira m'mphepete ndi khasu la mpini wautali ndikanatha. Khasu linayenda dzanja ndi dzanja mpaka linafika kwa bambo amene anaima pafupi nane, munthu amene ndinakumba naye manda ambiri kale. Anandiyang'ana, n'kulidutsitsa kutsogolo kwanga kupatsa wa kumanzere.

"Ndipatseniko," ndinatero.

"Msana, adada."

Ananena mofatsa, ndipo nkhope yake sindinathe kuiwerenga, ine wowerenga. Mwina amandisamala. Mwina akukumbukira nsapato ija. Ndinakhalabe pamzerepo mpaka dzenje linatha.